Tiyeni Tikaone Matchalitchi Akale, Tiwajambule Akadali Chiimire

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino tisiye kaye za kuphika ndi za kusoka, tikambirane za ulendo. Nonsenu mwayendapo pa basi kupita ku maliro, ku ukwati, ku msonkhano wa amayi a mpingo, kapena kukaona mwana ku sukulu yogonera komweko. Pa maulendo otero mumadutsa nyumba zakale zopemphereramo, za njerwa zofiira zimene zinada ndi mvula ya zaka zambirimbiri, zina zili ndi nsanja ya belu, zina zabisika m'mitengo ya mango ndi ya bulugama. Diso limaona, basi n'kupitirira, ndipo pofika kumene mukupita mwaiwala kale. Pempho langa lero n'lakuti tsiku lina mudzatsikepo, mudzalowe, mudzayang'ane mofatsa, ndipo ngati m'chikwama mwanu muli foni yojambula, mudzajambule.

Ku England, kumene matchalitchi ena a m'midzi ali ndi zaka 800 ngakhale kuposerapo, kuli anthu amene zimenezi anaziyesa njira yawo yopumulira. Tsiku lopanda ntchito amanyamula kamera ndi kamba, n'kumayenda mudzi ndi mudzi kuona nyumba za mapemphero, ngakhale za mpingo umene suli wawo. Matchalitchi athu kuno ndi makanda powayerekeza ndi amenewo, pakuti achikulire mwa iwo angopitirira pang'ono zaka 130. Koma nyumba ya kuno imakalamba msanga. Chiswe chimadya mitengo ya denga mwakachetechete, malata akachita dzimbiri madzi amatsikira m'khoma, ndipo namondwe akabwera, monga uja wa Freddy amene anasakaza maboma a kumwera m'mwezi wa Malichi 2023, amapeza nyumba yofooka kale. Palinso china chimene chimabwera ngati nkhani yabwino. Mpingo ukakula akhristu amasonkha ndalama n'kumanga tchalitchi chachikulu cha mazenera achitsulo, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Chomvetsa chisoni n'chakuti chakale chija kawirikawiri amachigumula kuti atengeko njerwa, kapena amachisandutsa mosungira matumba a simenti, popanda ndi mmodzi yemwe wochijambula. Pakapita zaka mwana akafunsa kuti, “Kodi agogo anamangitsira ukwati wawo m'nyumba yotani?” palibe chomuonetsa.

Tiyambire mumzinda wa Blantyre, popeza ambiri a inu mumafikako. Pa mishoni ya mpingo wa CCAP, pafupi ndi sukulu ya HHI, pali tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mishoniyi anaikhazikitsa m'chaka cha 1876 ndi amishonale a Church of Scotland, ndipo dzina lakuti Blantyre analitenga ku mudzi wa ku Scotland kumene kunabadwira David Livingstone. Tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1888, n'kuchipatula pa 10 Meyi 1891. Anatsogolera ntchitoyi ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo za mamangidwe a nyumba, ndipo amisiri ake anali amuna a kuno amene nawonso anali asanamangepo nyumba yotere. Panalibe pulani yolembedwa pa pepala yoti aziitsata. Akafuna kupanga khomo lokhota pamwamba ngati uta, kapena nsanamira yokongoletsedwa, ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, n'kuziyang'ana bwino. Zikawakomera m'maso, ndi pamene ankazimanga zenizeni. Inu amene mumasoka nzeru imeneyi mukuidziwa: nsalu imayamba yaphanidwa ndi mapini, mwini diresi n'kuyesa, kenaka ndi pamene imapita pa makina.

Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pomwepo, ndi dothi la pamalopo. Apa ndi pamene ndifuna kuti muchedwepo. Alendo ambiri akafika amaima patali, n'kujambula nyumba yonse ndi nsanja zake ziwiri ndi denga lake lozungulira ngati mphika wovundikira, basi atha. Chithunzi chotero n'chabwino ndithu, koma chili kale pa makalendala. Inu yandikirani khoma. Mudzaona kuti njerwa zake si za mtundu umodzi monga za nyumba zathu: zina n'zozungulira m'mbali, zina n'zokhota, zina zili ndi timizere tokongoletsa. Amene anaziwerenga amati zilipo za mitundu 81. Mayi aliyense amene anaumbitsapo njerwa za nyumba yake angathe kuona yekha kukula kwa ntchito imeneyo, chifukwa akudziwa madzi amene dothi limamwa ndi nkhuni zimene uvuni umadya. Mabuku a mbiri amatchula dzina la Scott, ndipo n'koyenera, pakuti analinso wokonda chiyankhulo chathu. Mu 1892 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Koma anthu amene anaponda dothi, kutunga madzi, kusenza nkhuni ndi kugona panja kuyang'anira moto, ambiri a iwo maina awo sanalembedwe. Chimene anatisiyira ndi njerwazo. Muzijambule muli pafupi, zitatu kapena zinayi zidzaze chithunzi chonse.

Fikani m'mawa dzuwa likangotuluka, kapena chakumadzulo kuyambira 4 koloko. Dzuwa likakhala paliwombo njerwa yofiira imaoneka yotuwa pa chithunzi, ndipo zokongoletsa zonse zija zimabisika chifukwa palibe mthunzi wozionetsa. Dzuwa likapendeka khoma limayaka ngati makala, ndipo kamzere kalikonse kamaoneka.

Mukachoka mu Blantyre, ngati tsiku likadalipo, loserani ku Chiradzulu, ku Mbombwe, kufupi ndi Nguludi. Kumeneko ndi ku Providence Industrial Mission, kumene ambiri timangoti ku PIM. Malo amenewa ndiwo adzakuphunzitseni ntchito ya chithunzi kuposa mawu anga onse. Mbusa John Chilembwe, amene nkhope yake timaiona pa ndalama zathu za pepala, anayambitsa mishoniyi mu 1900 atabwerera kuchokera ku America. Mkazi wake, Mayi Ida, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Mpingowo unamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha cha m'ma 1913. Kwa anthu akuda a nthawi imeneyo, kukhala ndi nyumba yotere yomanga okha chinali chinthu chonyaditsa kwabasi. Koma sichinakhalitse. Pa 23 Januwale 1915 Chilembwe ndi anthu ake anaukira ulamuliro wa atsamunda. Azungu ena anaphedwa, mmodzi wa iwo William Jervis Livingstone wa ku Magomero, ndipo mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa. Boma linabwezera mwankhanza: Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale, anthu ake ambiri ananyongedwa kapena kumangidwa, ndipo asilikali anaphulitsa tchalitchi chija ndi zida zophulitsira.

Tchalitchi chimene mudzachione ku PIM lero ndi china, chomangidwa m'nthawi ya Dr Daniel Sharpe Malekebu, amene anatsegulanso mishoniyi mu 1926. Chakale chija tikuchidziwa maonekedwe ake chifukwa cha chinthu chimodzi: anthu anachijambula chikadali chiimire. Ndipo musaganize kuti kamera masiku amenewo inali ya azungu okha. Pa mishoni ya Blantyre panali bambo wina wosindikiza mabuku, dzina lake Mungo Murray Chisuse, mmodzi wa anthu oyambirira a dziko lino kudziwa luso lojambula, ndipo zina mwa zithunzi za Chilembwe ndi banja lake anajambula ndiye.

Pali chithunzi china cha m'chaka cha 1914, chojambulidwa pa nthawi yotsegulira tchalitchicho, chimene chikuonetsa Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu, John Chorley. Chilembwe wavala chipewa kumutu, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Wojambulayo sakadadziwa kumene kapepala kake kadzafike. Patapita zaka zoposa 100, mmisiri wa dziko lino Samson Kambalu anatengera pa chithunzi chomwecho popanga chiboliboli cha amuna awiriwa, Chilembwe atamukuza kuposa mnzakeyo, ndipo chinaima pa bwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London kuyambira Sepitembala 2022 mpaka 2024. Khoma la njerwa linagwa m'tsiku limodzi, kapepala kanapulumuka.

Malo ena ndingowatchula mothamanga, kuti amene muli nawo pafupi mudziwe kuti mwakhalira chuma. Ku Nzama m'boma la Ntcheu ndi kumene ansembe a Montfort anakhazikika mu 1901. Ku Mua m'boma la Dedza kunafika a White Fathers mu 1902, ndipo kumeneko mukaonanso ntchito zosemasema za ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ku Mvera m'boma la Dowa amishonale a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa anafika mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndipo mmodzi wa iwo, William Murray, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Kumpoto kuli Bandawe, kumene a Livingstonia anasamukira mu 1881 pochoka ku Cape Maclear, ndi Khondowe pamwamba pa phiri, kumene anakwera mu 1894. Pa mamishoni otere musangoyang'ana tchalitchi chokha, chifukwa pena chimene chilipo n'chatsopano. Funsani nyumba yakale ya abusa kapena ya ansembe, belu loyamba, ndi manda.

Tsono tiyeni kunyanja. Pa Nkhotakota, pamene kale panali doko la akapolo m'nthawi ya a Jumbe, pali tchalitchi cha Anglican cha All Saints, pafupi ndi chipatala cha St Anne's ndi mkuyu waukulu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. Pamenepo ndi pamene anaikidwa Chauncy Maples. Munthu ameneyu anatumikira zaka zambiri ku Likoma, ndipo mu 1895 anadzozedwa ku London kukhala bishopu. Akubwerera kudzayamba udindo wake, boti lake linagubuduzika ndi mphepo pa nyanja yathuyi m'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho, iye n'kumira asanafike kwa nkhosa zake. Sitima ija yotchedwa Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inapatsidwa dzinali pomukumbukira. Mukakhala pa Nkhotakota kumbukiraninso mwana wa komweko, Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukalalikira ku Msoro m'dziko la Zambia, kumene anamwalira mu 1913.

Ulendo wa ku Likoma ndi wina, ndipo sindikunamizani kuti ndi wapafupi. Umafuna ndalama, masiku angapo, kugwirizana bwino ndi abambo a kunyumba, ndi munthu wodalirika wotsala ndi ana. N'chifukwa chake umakoma mukaupanga pagulu, amayi a mpingo umodzi kapena a banki m'khonde mutasonkherana kwa miyezi ingapo. Ambiri amakwerera pa Nkhata Bay. Sitima ya Ilala yakhala ikunyamula anthu pa nyanjayi kuyambira 1951, koma musananyamuke kwanu funsitsani tsiku limene sitima kapena maboti akuyenda. Dziwaninso kuti m'miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti kumawomba mwera, ndipo nyanja ikakwiya ngakhale mayi wolimba mtima amagona pansi atafunda chitenje kumutu. Foni muikulunge m'pepala la pulasitiki.

Chilumbachi n'chaching'ono, chamiyala, chodzala ndi milambe, ndipo ngakhale ndi cha Malawi, chili kufupi ndi gombe la Mozambique kotero kuti mapiri a kutsidyako amaoneka ngati ungawakhudze. Pa malo otere munthu amayembekeza kapemphero ka udzu. Ndiye ukakwera pang'ono kuchoka kugombe, mwadzidzidzi n'kuona chinyumba cha miyala ndi njerwa, chotalika pafupifupi mamita 100, chomangidwa mooneka ngati mtanda. Ndi St Peter's, tchalitchi chachikulu cha Anglican. Amishonale a UMCA anakhazikika pachilumbachi mu 1885. Mwala wa maziko anauika Bishopu Gerard Trower mu Januwale 1903, amene anakonza mamangidwe ake ndi Frank George, ndipo nyumbayo inapatulidwa itatha yonse mu 1911. Miyala anaiphwanya pachilumba pomwepo, pamene zitsulo ndi magalasi zinachita kuchokera kutsidya la nyanja yamchere. Apanso amene anasenza ndi kumanga anali anthu a kuno.

Malo amene pali tchalitchichi amatchedwa Chipyela, ndipo dzinali lili ndi nkhani yowawa. Kale pamenepo ndi pamene ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Amishonale anasankha dala kumanga nyumba ya mapemphero pa bwalo lomwelo. Ine ndimati mayi aliyense wofika pamenepa ayenera kuima kaye phee asanatulutse foni, chifukwa nkhaniyi sinathe. Mpaka lero timamva za agogo okalamba akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ngakhale kuphedwa, ponamiziridwa ufiti mwana akamwalira kapena mvula ikachedwa, ndipo nthawi zina owachita zimenezi ndi adzukulu awo omwe. Amene tili ndi imvi zoyamba m'mutu tisaione ngati nkhani ya ena.

M'katimo muli mdima wozizira bwino, ndipo maso amafuna kanthawi kuti azolowere. Kenaka mudzayamba kuona mazenera a magalasi amitundumitundu, mipando yosemedwa pa mwala wofewa, ndi mtanda wopangidwa ndi mtengo wochokera kwa Chitambo ku Zambia, kumene Livingstone anamwalira mu 1873, pemphani akuonetseni. Kunja kuli kakhonde kozungulira bwalo, ka makomo okhota otsatanatsatana, ndipo chithunzi chabwino koposa pa Likoma, m'kuona kwanga, ndi chimene mungatenge mutaima m'khondemo m'mawa, mithunzi ya nsanamira itagona pansi ngati mizere ya m'munda. Ngati ulendo wanu wakumana ndi Lamlungu, foni ikhale m'chikwama, inu mumvere kuimba. Nyumba imeneyi si yongoonetsa alendo. Anthu a pachilumbachi amabatiziramo ana awo, kumangitsiramo maukwati ndi kutsanzikiramo akufa awo monga momwe inu muchitira kwanu.

Mwina wina akuti, “Zonsezi n'za anthu a ndalama; ine wa kumudzi kuno ndingafike bwanji ku Likoma?” Mayi, matchalitchi otchukawa ali ndi owajambula ambiri, ndipo sadzasowa chithunzi. Chimene chili pangozi ndi chanucho: katchalitchi ka mudzi wanu kamene anamanga makolo anu, ka mazenera ang'onoang'ono, ka mipando ya njerwa yozira, kamene belu lake mwina ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pa mtengo. Palibe mlendo wochokera kutali adzabwere kudzakajambula. Mukapanda kutero inu, amene mumasesamo Loweruka lililonse ndi kukonza maluwa pa guwa, palibe adzatero. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Mothers' Union ndi Amayi Achikatolika ndi amene amadziwa ngodya iliyonse ya nyumba zimenezi kuposa wina aliyense, chifukwa ndiwo amaona pamene payamba kudontha ndi pamene chiswe chatulukira.

Pofika pa tchalitchi cha eni, khalani monga mlendo wa ulemu. Valani chitenje, ndipo kumene amafunda kumutu fundani. Yambani mwaonekera kwa abusa, kwa bambo mfumu, kwa akatekisiti kapena kwa mkulu wa mpingo amene ali pafupi, muwalonjere bwino ndi kunena chimene mwadzera: “Pepani abusa, ndine mlendo, ndachokera kwakuti. Ndakondwa ndi nyumba ya Mulungu ino. Kodi mungandilole kuti ndilowe ndi kujambulako?” Ambiri adzakondwa, ndipo ena adzaitana mwana kuti akatenge makiyi. Akakana, thokozani, musatsutse. Musakwere pa guwa kapena pa gome lolalikirapo pofuna poima pabwino, musasunthe zinthu zopatulika, ndipo mukapeza maliro kapena munthu akupemphera yekha, dziwani kuti tsikulo si lanu. Munthu aliyense, ngakhale mwana, musamujambule musanapemphe. Potuluka siyani kangachepe m'mbale ya zopereka, pakuti malata amene mwawajambulawo amafuna ndalama kuti akhale pamenepo.

Koma chuma chenicheni chili m'kamwa mwa okalamba. Funsani kuti mayi wamkulu koposa mumpingomo ndani, mupite kwawo ndi kapaketi ka shuga, mukhale pamphasa, muwafunse mosafulumira. “Agogo, kodi tchalitchi chino munachipeza chili chotere? Chisanamangidwe munkapempherera kuti? Anaumba njerwa ndani? Madzi munkatunga kuti? Denga la udzu linachoka m'nthawi ya mbusa uti?” Mudzadabwa. Adzakuuzani za amayi amene ankasenza njerwa pamutu ana ali kumbuyo, za nkhuku ndi malichero a chimanga amene anagulitsidwa kuti malata agulidwe, za mkangano wa pamene khomo liyang'ane, ndi za mabanja amene anayamba kupenyana pa ntchito yomweyo. Chaka mwina sadzachikumbukira, koma adzati ndi chaka cha njala ija, kapena chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa, ndipo kuchokera pamenepo mungathe kuwerengera. Lembani m'kope tsiku lomwelo, mawu akadali otentha. Akalola, ajambuleni ataima pakhomo la tchalitchicho. Chithunzi chimenecho chili ndi ntchito ziwiri: chimasunga nkhope yawo, ndiponso chimaonetsa kukula kwa khomo, pakuti nyumba yopanda munthu pambali sidziwika msinkhu wake.

Za kajambulidwe sizifuna sukulu. Pukutani kagalasi ka foni ndi nsonga ya chitenje choyera, chifukwa mafuta a m'manja ndi amene amachititsa zithunzi zambiri kuoneka ngati zili m'nkhungu. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena kumbali, osati kumaso. Mukafuna nyumba yonse, bwererani m'mbuyo mmalo mopendeketsa foni, chifukwa mukaipendeketsa makoma amaoneka ngati akugwa chagada. Jambulani mbali zonse zinayi, ngakhale kumbuyo kumene kuli ming'alu. Tsiku lina amisiri okonza adzakuthokozani. M'kati musayatse kuwala kwa foni, pakuti kumangoyeretsa mpando wapafupi n'kusiya kwina konse mumdima. Tsamirani nsanamira, zigongono zigunde m'nthiti, gwirani mpweya, ndiye dinani. Mawu olembedwa pa mwala wa maziko, pa belu ndi pa ziliza amawerengeka bwino dzuwa likamawomba cham'mbali, m'mawa kapena madzulo. Musawapale ndi mwala kapena kuwadetsa ndi makala kuti aoneke.

Manda a pa mishoni musawalambalale, koma yambani mwapempha, chifukwa kwathu kuno kumanda salowako chilowelowe. Mukaloledwa, werengani zaka zimene zalembedwa. Mudzapeza akazi a amishonale amene anafa akadali atsikana, ndi timanda ta makanda awo, ambiri otengedwa ndi malungo. Mudzapezanso aphunzitsi, alaliki ndi azamba a kuno amene maina awo akufufutika ndi ndere. Amenewo ndiwo muwajambule poyamba.

Nyengo yabwino ya maulendo otere ndi kuyambira Meyi mpaka Julaye, mvula itatha, misewu itauma, kumwamba kuli mbee. Kukafika Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, ndipo zithunzi zimatuwa.

Chotsiriza n'chosunga. Foni si nkhokwe: imabedwa, imagwera m'ndowa, imafa, ndipo mdzukulu angathe kufufuta zonse pofuna malo a masewera ake. Zithunzi zotumizirana pa WhatsApp nazo zimachepa mphamvu, kotero musadalire kuti zili kwa mnzanu. Sankhani zisanu kapena khumi zabwino koposa, mupite nazo kwa otsuka zithunzi pa boma kapena m'tauni, akutsukireni pa pepala, ziwiriziwiri. Kumbuyo kwa chilichonse lembani ndi pensulo, osati bolopeni imene imadutsira kumaso, dzina la tchalitchi, mudzi, mfumu ya dera, boma, tsiku limene mwajambula, ndi maina a anthu amene ali pa chithunzicho. Gawo limodzi mulikulunge m'pulasitiki ndi kuliika m'sutikesi muja mumasungamo kalata ya ukwati ndi makadi a kusikelo. Gawo linalo mukapereke kwa mlembi wa mpingo umene munauchezera, kuti alisunge pamodzi ndi mabuku a ubatizo. Ndipo amene mwajambula kale tchalitchi chakale cha kwanu, tumizani chithunzi chimodzi kwa mkonzi wa tsamba lino pamodzi ndi zimene agogo anakuuzani, kuti amayi a m'maboma ena achione nawo.